Bata la Kumayadi a ku Netherlands Silinagwe Kumwamba

Anthu ambiri akaona zithunzi za ku Ulaya, nyumba zondandalikana bwino, misewu yosesedwa ndi ana opalasa njinga mopanda mantha a galimoto, amangoti zonsezi ndi cifukwa ca cuma. Mau otere ndi oona pang'ono cabe. Cuma cimanga nyumba, koma sicipatsa mtendere munthu wokhala m'nyumba ya mwini. Nkhani ya dziko la Netherlands, limene ambiri alidziwa ndi dzina lakuti Holland, ionetsa kuti bata la munthu wokhala pa lendi licokera ku lamulo, ku cipangano colembedwa ndi ku ulemu wa anansi. Koma ionetsanso cina cowawa. Lamulo labwino liteteza amene ali kale m'nyumba, koma silingapatse denga amene ali panja ngati nyumba zatsopano sizimangidwa.

Dziko laling'ono, anthu ambiri

Dziko lonse la Netherlands ndi laling'ono kupambana Cigawo ca Kum'mawa ca Zambia. Ngakhale zili tero, m'caka ca 2024 anthu ake anapitirira mamiliyoni 18, ciwerengero cosasiyana kwambiri ndi ca Zambia yense, amene pa kalembera wa 2022 anali ndi anthu mamiliyoni 19.6. Kuonjezera apo, gawo limodzi mwa magawo anai a dzikolo lili pansi kupambana nyanja, ndipo madzi amatsekerezedwa ndi zipupa za dothi ndi makina opopa. M'dziko lotere munthu sangapite kwa mfumu kukapempha malo, naumba njerwa ndi kumanga. Kacidutswa kalikonse ka nthaka kali ndi nchito yake yolembedwa ku khonsolo.

Nyumba za m'dzikolo zipitirira mamiliyoni 8. Pa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 57 mukhala eni ake, ndipo zotsalazo ndi za lendi. Motero kukhala pa lendi si camanyazi, ndiponso si ca munthu wongodutsa. Aphunzitsi, anamwino ndi okalamba opuma pa nchito amakhala m'nyumba za lendi, ndipo ena amalowamo ali acinyamata nakalambira momwemo.

Ambiri a iwo safuna phokoso la pakati pa mzinda. Amafuna kumalo kumene anthu a ku Lusaka angakuche kumayadi, ngakhale kuti mayadi a kumeneko alibe mipanda yaitali. Nyumba zambiri ndi zolumikizana zipupa mondandalika, iliyonse ndi kadimba kake kumbuyo ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu.

Citsanzo cabwino ndi tauni ya Houten, pafupi ndi mzinda wa Utrecht, mmene muli anthu okwana 50,000. Amene anaikonza anaika msewu wa galimoto mozungulira tauniyo. Woyendetsa galimoto akafuna kucoka m'dera lina kupita m'dera linzake, ayenera kuturukira ku msewu wozungulirawo, pamene wa njinga angodutsa pakati nafika msanga. Cifukwa ca ici ana amapita okha ku sukulu pa njinga, ndipo Houten inapatsidwa ulemu wa tauni yopambana pa za njinga mu 2008 ndi mu 2018. M'matauni ena muli timisewu ta pakati pa nyumba timene lamulo la 1976 linatipatsa malangizo akeake. M'timisewu timeneti ana aloledwa kusewera, ndipo galimoto siyenera kupitirira makilomita 15 pa ola. Kulinso Almere, tauni yomangidwa pamalo pamene kale panali madzi a nyanja. Anthu oyamba analowa m'nyumba zake mu 1976, ndipo tsopano muli anthu oposa 200,000. Bata la malo amenewa linayamba kujambulidwa pa pepala nyumba zisanamangidwe.

Mmene lamulo linayambira

Sikuti zinthu zinali cotere kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1800 anchito a ku Amsterdam ndi mizinda ina anali kukhala m'zipinda za pansi zacinyontho, banja lonse m'cipinda cimodzi, ndipo matenda a kolera ndi cifuwa cacikulu anali kupha anthu ambiri. Mu 1901 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la nyumba, lochedwa Woningwet. Lamulolo linapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa nyumba zoipa, ndipo linalola boma kukongoza ndalama mabungwe omanga nyumba za anthu osauka.

Mabungwe amenewa alipo kufikira lero, ndipo ali ndi nyumba zokwana mamiliyoni 2.3, kuposa gawo limodzi mwa magawo anai a nyumba zonse za m'dzikolo. Sagawana phindu. Ndalama ya lendi ibwerera ku nchito yokonza ndi kumanga nyumba. Nyumba zao zimaperekedwa makamaka kwa anthu a malipiro ocepa, ndipo amene lendi iwalemera angapemphe boma kuti liziwathandiza mwezi ndi mwezi. Mu 1983 malamulo akulu a dzikolo anaonjezedwa mau onena kuti kuona kuti anthu ali ndi pokhala pokwanira ndi udindo wa boma. Nyumba zina za lendi ndi za anthu wamba ndi makampani, ndipo kumeneko ndiye kumacokera madandaulo ambiri.

Lendi yowerengedwa ndi mapointi

Cinthu codabwitsa kwa mlendo ndi cakuti pa nyumba zambiri mwini wake sangachule mtengo uliwonse umene wabwera m'mutu mwake. Kuyambira mu 1979 nyumba imapatsidwa mapointi. Amayesa kukula kwa zipinda, ubwino wa khichini ndi bafa, dimba, mmene nyumbayo isungira kutentha m'nyengo yozizira, ndi mtengo wake monga khonsolo iuwerengera. Mapointi akaphatikizidwa, pali mtengo wa lendi umene suyenera kupitiriridwa.

Kale lamuloli linali kuteteza nyumba zotsika mtengo zokha. Pa 1 July 2024 linakulitsidwa kufikira nyumba za mapointi 186, ndipo mu 2025 lendi ya nyumba yotere, pa cipangano catsopano, sinaloledwe kupitirira mayuro 1,185 pa mwezi. Yuro ndiyo ndalama ya kumeneko. Nyumba za mapointi oposa pamenepa ndizo zatsala kuti mwini wake achule mtengo umene afuna.

Wokhala pa lendi akaganiza kuti alipiritsidwa mopyola, kapena denga likudontha ndipo mwini nyumba sasamala, safunika kufuna loya. Pali bungwe loweruza nkhani za lendi lochedwa Huurcommissie. Mu 2024 wodandaula anali kulipira mayuro 25 cabe, ndipo akapambana mlandu ndalamayo imabwezedwa. Bungwelo lingatume munthu kukayesa nyumba, ndipo likapeza kuti lendi yapyola, limaitsitsa. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse. Lamulo limene munthu wosauka sangathe kulifikira cifukwa ca mtengo wa maloya lifanana ndi nkhokwe yodzaza imene ilibe khomo.

Malamulo ena anabwera motsatana. Kuyambira pa 1 July 2023 cipangano ca lendi ciyenera kulembedwa. Ndalama ya cikole siyenera kupitirira lendi ya miyezi iwiri, ndipo munthu akacoka iyenera kubwezedwa pasanathe masiku 14, kapena masiku 30 ngati pali zoonongeka zoti zicotsedwepo. Kukana munthu nyumba cifukwa ca khungu lake, cipembedzo cake kapena dziko locokera ndi mlandu, ndipo kuyambira mu 2024 khonsolo iliyonse iyenera kukhala ndi malo olandirira madandaulo otere. Wofunira anthu nyumba amene agwirira nchito mwini nyumba saloledwa kulipiritsanso wolowa, monga khoti lalikulu la dzikolo linaweruzira mu 2015. Pa 1 July 2024 zipangano za nthawi yaifupi zinaletsedwa, kupatula kwa anthu ena monga ophunzira, kuti banja lisamakhale ndi mantha osamuka zaka ziwiri zilizonse.

Cacikulu koposa ndi ici: mwini nyumba sangaturutse munthu ndi dzanja lake. Sangasinthe loko, sangataye katundu panja. Ngati wokhalamo wakana kucoka, woweruza yekha ndiye angalamule, ndipo payenera kukhala cifukwa cimene lamulo licibvomereza, monga kusalipira lendi kwa miyezi ingapo kapena kubvutitsa anansi. Ngakhale nyumbayo igulitsidwe, wogulayo alandira nyumba pamodzi ndi cipangano cake. Munthu wotetezedwa motere ndiye abzala mtengo m'dimba, napaka utoto, nadziwana ndi anansi. Woopa kupitikitsidwa mawa sabzala ngakhale duwa. Kukongola kwa madera amenewa kucokera pamenepo.

Udindo wa wokhala pa lendi

Koma ufulu uyenda ndi udindo, pakuti akulu anati nyumba ya mwini saochera mbewa. Wolowa m'nyumba ya lendi ku Netherlands kawirikawiri aipeza ili mbee, yopanda makatani, yopanda nyali, ndipo nthawi zina pansi pali simenti yokhayokha. Zonsezi agula yekha, ndipo pocoka angauzidwe kuzicotsa. Zoonongeka zazing'ono akonza yekha, zazikulu ndi za mwini nyumba. Mlendo wodzakhala miyezi yoposa inai ayenera kulembetsa ku khonsolo pasanathe masiku asanu, ndipo nambala imene apatsidwa kumeneko ndiyo ifunidwa ku nchito, ku ofesi ya msonkho ndi ku cipatala. Pamwamba pa lendi pali gasi wotenthetsera nyumba, magetsi, madzi, msonkho wa zinyalala, ndi msonkho wa mabungwe osamala zipupa zotsekereza madzi. Gasi ndi amene anasautsa mabanja ambiri mu 2022, mtengo wake utakwera cifukwa ca nkhondo ya ku Ukraine.

Zinyalala zimasankhulidwa, mapepala paokha, mabotolo paokha, zotsala za m'khichini pazokha, ndipo bini iliyonse ili ndi tsiku lake loiturutsa. Nthawi ikakwana 10 koloko usiku anthu ayembekezera kuti wailesi itsike ndi nyundo ileke, pakuti cipupa ndi cimodzi ndi ca mnansi. Wofuna kucita phwando ayamba wadziwitsa oyandikana nao. Anansi akayambana pa za galu, mpanda kapena phokoso, makhonsolo ambiri ali ndi anthu odzipereka, ophunzitsidwa kukhazika pansi mbali ziwiri kuti zimvane osapita ku khoti. Nchito imeneyi inayamba m'zaka za m'ma 1990. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la nyakwawa angaone kuti nzeru imeneyi si yacilendo.

Ngakhale zili tero, bata lili ndi kuzizira kwake. Pa makomo khumi alionse a m'dzikolo, pafupifupi anai mukhala munthu mmodzi yekha. Kucezerana kumakhala kopangana tsiku ndi ola, ndipo kungofika nkuodira pakhomo monga acitira anthu m'midzi ya kuno si mwambo wao. Eni dziko acizindikira cimeneci, ndipo kuyambira mu 2006 ali ndi tsiku la anansi m'mwezi wa September, pamene anthu aturutsa matebulo kumsewu kuti adziwane. Ngati anthu afunika tsiku lapadera kuti amwe khofi ndi woyandikana naye, ndiye kuti msewu wosesedwa suli zonse zimene mudzi ufuna.

Cikomekome ca mkuyu

Bvuto lalikulu lili pakhomo lolowera. Mu 2024 kunawerengedwa kuti dzikolo likusowa nyumba zokwana 400,000. Boma linalonjeza kumanga 100,000 pa caka, koma mu 2023 ndi mu 2024 ciwerengeroco sicinakwane. Wofuna nyumba ya bungwe alembetsa dzina nayembekezera, ndipo ku Amsterdam ndi madera ozungulira kudikira zaka zoposa khumi si cacilendo. Makolo ocenjera amakumbutsa mwana kulembetsa akangokwanitsa zaka zololedwa, asanaganize nkomwe za banja.

Amene sangadikire apita kwa eni nyumba wamba, ndipo kumeneko nyumba imodzi imafunidwa ndi anthu ambirimbiri. Eni ake ambiri amafuna kuona pepala la malipiro, ndipo amati malipirowo akhale owirikiza lendi katatu kapena kanai. Kuwerengera kwake nkosabvuta. Kuciyambi kwa 2025 malipiro otsikitsitsa ololedwa anali mayuro 14.06 pa ola, kutanthauza pafupifupi mayuro 2,400 pa mwezi kwa wogwira maola 40 pa mlungu, msonkho usanacotsedwe. Nyumba ya mayuro 1,185 ifuna munthu wolandira oposa 3,500. Motero wosesa m'cipatala amene sanafikebe pamwamba pa mndandanda wa bungwe atsala pakati, uku kulibe, uko kulibe.

Kusowa kumeneku sikunabwere monga cilala. Kunacokera ku zosankha za anthu. Mu 2010 unduna woona za nyumba unathetsedwa, poganiza kuti msika udzakonza zonse wokha. Mu 2013 boma linaika msonkho waukulu pa mabungwe a nyumba za osauka, ndipo ndalama zimene zikadamanga nyumba zinapita ku thumba la boma. Msonkhowo unacotsedwa mu 2023, utadya kale zaka khumi. Mu 2019 khoti linaweruza kuti boma silinali kuteteza nkhalango ndi madambo ku mpweya woipa wocokera makamaka m'makola a ziweto, ndipo nchito zambiri zomanga zinaima. Pa nthawi yomweyo anthu anali kuculuka ndipo okhala okha anali kuonjezeka. Pa 12 September 2021 zikwi za anthu, makamaka acinyamata, anasonkhana ku Amsterdam kudandaula za nyumba, ndipo mu January 2022 dzikolo linakhalanso ndi nduna ya nyumba, a Hugo de Jonge.

Amene amamva kuwawa koposa ndi alendo. Anchito ocokera ku Poland, Romania ndi Bulgaria, amene amathyola tomato ndi kudula nyama m'mafakitale, nthawi zambiri amagonekedwa ndi kampani yomwe inawalemba nchito, ambiri m'nyumba imodzi. Nchito ikatha, bedi nalo latha. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi a Emile Roemer linaulula zimenezi mu 2020, ndipo lamulo la 2023 linalamula kuti cipangano ca nyumba cilembedwe padera ndi ca nchito. Ophunzira ocokera kunja nao abvutika. Mu 2022 yunivesiti ya Amsterdam inacenjeza ophunzira acilendo kuti asabwere ngati sanapeze cipinda.

Kodi lamulo ndilo lalakwa?

Eni nyumba ali ndi mau ao, ndipo ndi bwino kuwamva. Iwo ati malamulo a 2023 ndi 2024, pamodzi ndi misonkho yokwera, acititsa kuti kubwereketsa nyumba kusakhalenso ndi phindu. Nzoona kuti mu 2024 eni nyumba za lendi anagulitsa nyumba zambiri kupambana zimene anagula. Zina zinagulidwa ndi acinyamata amene anapeza nyumba yao yoyamba, koma kwa wopanda ndalama yogulira, nyumba za lendi zinacepa. Walira mvula walira matope.

Koma kucoka pamenepa nkunena kuti lamulo licotsedwe ndi kusokera. Kulola lendi kukwera sikuonjezera njerwa ngakhale imodzi lero. Kungosankha amene adzagona m'nyumba zimene zilipo, ndipo wosankhidwayo adzakhala wa thumba lalikulu. Zaka zimene boma linasiyira msika nchitoyi ndizo zinabala kusowa kumene kulipo. Zaka zimene dzikolo linamanga koposa zinali zimene boma, makhonsolo ndi mabungwe anagwirira pamodzi nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 1970 anali kutsiriza nyumba zoposa 150,000 pa caka cimodzi, pamene anthu anali ocepa ndi cuma cinali cocepa kupambana lero. Mutu umodzi susenza denga. Kuteteza wokhala pa lendi ndi kumanga nyumba ndi ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi, ndipo ikagona imodzi khasu silipita patsogolo.

Pali makolo m'midzi amene ana ao apeza mwai wokaphunzira kapena kugwira nchito ku Netherlands. Makolo otere asamamve malipiro a mayuro nkuyamba kuwasandutsa makwacha, pakuti gawo lalikulu litsala kwa mwini nyumba mwezi usanafike pakati. Mwanayo apeze pogona asananyamuke, makamaka kudzera ku sukulu imene yamuitana. Asatumize ndalama kwa munthu wa pa intaneti amene sanamuonetse nyumba, cifukwa akuba ocenjera amachera misampha alendo. Akane nyumba imene mwini wake saloleza kulembetsa ku khonsolo. Asunge cipangano cake ndi zithunzi za mmene anaipezera nyumba, ndipo adziwe kuti lamulo la lendi limteteza mofanana ndi mbadwa.

Dziko la Netherlands latsimikiza m'zaka zoposa 120 kuti munthu angathe kukhala m'nyumba ya mwini mwaulemu, osagwada ndi osaopa loko watsopano. Cimeneci ndi cipambano, ndipo sicinagulidwe ndi cuma cokha. Koma dziko siliyesedwa ndi bata la amene ali ndi makii. Liyesedwa ndi utali wa mzere wa amene ali panja. Kufikira nyumba 400,000 zosowazo zitamangidwa, bata la ku Houten ndi ku Almere lidzakhala la amene anafika msanga.